Masiku anayi ku South Luangwa kuchokera ku Lusaka: mafunso ndi mayankho

Kwathu ndi ku Katete, ndipo Great East Road ndaiyenda kosawerengeka: kumaliro, ku Kulamba, kukatenga chimanga ndi nsawawa kwa amayi. Ku Chipata ndimafikako kawirikawiri, koma zaka zonsezo sindinaganizepo zokhota msewu wa ku Mfuwe, kumene kuli geti la paki ya nyama ya South Luangwa. Ndinkati uko n'kwa alendo a ndege. Tsopano ndapitako katatu, ndipo chibwerereni anzanga a kutchalitchi ku Chilenje ndi a kuntchito akhala akundifunsa mafunso amodzimodzi. Ndawasonkhanitsa pano kuti amene akufuna kupita apite akudziwa zimene akukapeza.

Kodi masiku anayi akwana?

Akwana, malinga mwavomera kuti awiri mwa iwo ndi a pamsewu. Tsiku loyamba mukupita, lachinayi mukubwerera, awiri a pakatiwo ndiwo a nyama. Nthawi yabwino kwa ife ogwira ntchito ndi kumayambiriro kwa Julayi, pamene Heroes' Day ndi Unity Day zimagwa Lolemba ndi Lachiwiri motsatizana. Mukanyamuka Loweruka mbandakucha, Lachitatu muli pa ntchito osapempha tchuthi kwa abwana. Koma dziwani kuti si inu nokha amene mwaona mpata umenewu, choncho malo ogona asungitseni kudakali miyezi iwiri kapena itatu.

Tikafika bwanji kumeneko?

Kuchoka ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo kuchoka ku Chipata kutsikira ku Mfuwe ndi ena opitirira pang'ono 120. Msewu wonse ndi wa tala. Mukudutsa Chongwe, Rufunsa, Luangwa Bridge, Nyimba, Petauke, Sinda, Katete, kenako Chipata. Chigawo chofunika kusamala ndi cha m'mapiri, musanafike pa mlatho wa Luangwa ndi mutangoudutsa: msewu ndi wokhotakhota, malole olemera amakwera pang'onopang'ono, ndipo mtima wofuna kuwapitirira pa kona ndi umene wapha anthu ambiri. Nyamukani 5 koloko m'mawa kuti msewu wa ku Mfuwe muuyende kukuwala. Kukada, mumakumana ndi njinga zopanda nyale, mbuzi, ndipo pafupi ndi Mfuwe ngakhale njovu. Mafuta dzazani ku Chipata.

Opanda galimoto akwere basi pa Intercity. Alipo mabasi opita mpaka ku Mfuwe, ndipo a ku Chipata ndi ambiri. Tikiti dulani dzulo lake chifukwa amanyamuka m'mamawa kwambiri. Amene thumba lawalola, ndege ya Proflight imachoka pa Kenneth Kaunda International Airport n'kutera pa Mfuwe patangopita ola limodzi ndi mphindi zochepa.

Nsomba zouma za pa Luangwa Bridge mugule pobwerera. Popita zingokuitanirani anyani pa malo ogona.

Kunena zoona, si zinthu za azungu zimenezi? Ife tingakwanitse?

Funso limeneli ndi limene linandichedwetsa ine zaka zambiri, ndiye ndiliyankhe mosabisa. Alipo maloji m'kati mwa paki amene usiku umodzi umadya malipiro a mwezi wathunthu a mphunzitsi. Amenewo alekeni. Koma kunja kwa geti, m'mbali mwa mtsinje wa Luangwa, kuli makampu kumene mungakhome tenti yanu, kubwereka tenti yokhomakhoma, kapena kutenga kachipinda, ndi kumadziphikira nokha nsima. Ambiri ali ndi mtengo wa nzika wosiyana ndi wa alendo akunja, koma mtengo umenewo nthawi zina sautchula mukapanda kufunsa. Funsani.

Pa geti la paki n'chimodzimodzi. Nzika ya Zambia imalipira m'makwacha, ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi ya mlendo, koma muyenera kuonetsa NRC, reji yathu ija. Paulendo wathu wachiwiri mlamu wanga anaiwala reji yake m'thumba la jekete ku Kabwata, ndipo tinataya nthawi yabwino ya m'mawa tikufotokoza pa geti dzuwa likukwera. Ikani reji pamodzi ndi ndalama usiku woti mawa mukunyamuka.

Chodula kwenikweni ndi mafuta ndi malipiro a gaidi ndi galimoto yake yoonera nyama. Mukakhala anthu anayi kapena asanu n'kugawana, zimapepuka. Ife tinachita chilimba cha miyezi isanu.

Ndipo pali china chimene ndimafuna tizikumbukira. Pakiyi ndi ya masikweya kilomita 9,050, inakhala malo otetezedwa mu 1938 ndi kukhala national park mu 1972. Kuyenda wapansi kukaona nyama, kumene dziko lonse limadziwira South Luangwa, kunayamba ndi Norman Carr, koma malo oyamba olandirirapo alendo mu 1950 anali a Mfumu Nsefu ya Akunda, imene inavomera kupatula dziko lake kuti ndalama za alendo zizithandiza anthu ake. Magaidi ndi masikauti amene mukawapeze lero ambiri ndi ana a m'chigwa momwemo, ndipo mukawalonjera m'chinenero chathu amakuyankhani m'chinenero chathu. Palibe chifukwa choti tizipita ngati obwereka malo.

Kuyenda wapansi kumene kuli mikango, si kudziika dala m'kamwa mwa chilombo?

Amayi anga anafunsa chimodzimodzi, ndipo anawonjezera pemphero. Ngozi ilipo, sindingakunamizeni. Kutchire ndi kutchire. Koma simuyenda nokha, ndipo lamulo silikulolani kutero. Gulu lililonse limatsogozedwa ndi sikauti wonyamula mfuti, pansi pa Department of National Parks and Wildlife, imene ambiri timaitchulabe ZAWA ngakhale dzinalo linasintha mu 2016. Pambuyo pake pamabwera gaidi amene anakhoza mayeso apadera a kuyendetsa anthu wapansi, osiyana ndi a kuyendetsa galimoto. Alendo amakhala ochepa, kawirikawiri osapitirira asanu ndi mmodzi, ndipo mumayenda mondondozana, mzere umodzi, mwakachetechete.

Chimene chimakutetezani kwambiri si mfutiyo. Ndi mphepo. Nyama zambiri zimamva fungo la munthu patali, choncho gaidi amakuyendetsani mphepo ikukuombani kumaso, kuti fungo lanu lizipita kumbuyo. Wathu anali ndi kathumba ka phulusa. Akaima amakagwedeza pang'ono n'kuona kumene phulusa likuulukira, ndipo njira yathu imasintha potengera zimenezo. Nyama ikakuonani patali, nthawi zambiri imachoka yokha. Mkango masana umaopa munthu woyenda ndi miyendo iwiri kuposa mmene umaopera galimoto.

Malamulo amene amakuuzani musanayambe ndi ochepa. Musathawe, chifukwa chothawa ndicho chimathamangitsidwa. Musachoke pa mzere kukajambula. Gaidi akati imani, imani. Akati bwererani, bwererani pang'onopang'ono osafunsa chifukwa. Mafunso adzabwera pambuyo pa tiyi. Ndipo zimene magaidi amasamala nazo kwambiri si mikango ayi, koma njovu yaikazi yokhala ndi mwana, njati yamphongo yokalamba yobisala yokha m'ziyangoyango, ndi mvuu imene yachedwa kubwerera kumadzi.

Nanga pa ulendowo mumaona chiyani chimene simungaone muli m'galimoto?

Apa ndichedwepo, chifukwa apa ndi pamene pali ulendo wonse.

Tinadzuka 5 koloko, tinamwa tiyi, ndipo 6 koloko tinali titadutsa mlatho wa pa geti. Galimoto inatisiya pansi pa mtengo wa mvunguti, zipatso zake zazitali zija zili lendelende. Injini itazima ndi pamene ndinazindikira kuti zaka zonse za mu Lusaka khutu langa linali lisanapumepo. Kunali njiwa, nkhwazi ikulira kumtsinje, ndi mvuu zikuguguda patali.

Sitinayende mphindi khumi gaidi anagwada pa mchenga. Anationetsa phazi lozungulira la zala zinayi lopanda zikhadabo. Anati, "Uyu ndi kaingo, wadutsa usiku." Kaingo ndi nyalugwe m'kalankhulidwe ka kumeneko. Pafupi pake panali phazi lina lofanana nalo koma la zikhadabo zoonekera, ndipo anatifunsa kusiyana kwake. Palibe anayankha. Anati nyama za mtundu wa mphaka zimabisa zikhadabo poyenda, fisi sangathe. Ndiye kuti fisi ankatsatira nyalugwe, kuyembekeza kulanda chimene agwire. Nkhani yonse ya usiku inali italembedwa pa kamalo kochepa ngati mphasa, ndipo ife tikanapondapo osadziwa.

Kutsogolo anatola ndowe zoyera ngati choko, za fisi, zoyera chifukwa cha mafupa amene amadya. Anaphwanya ndowe ya njovu ndi ndodo kutionetsa njere zosagayika, n'kufotokoza kuti mitengo yambiri ya m'chigwamo inafesedwa ndi njovu motero. Tinaima pa chulu chachitali kuposa munthu, chokhala ndi mtengo wa bwemba pamwamba pake. Agogo anga ankadziwa zinthu zotere. Ine ndinazitaya pakati pa sukulu ndi mabasi a m'tauni, ndipo kuzimvanso m'chinenero chathu kunandigwira mtima kuposa mmene ndinkayembekezera.

Kenako sikauti anakweza dzanja. Njovu zisanu zinali kutsidya kwa dambo louma, zikuthyola nthambi za tsanya, mtengo umene ambiri amautchula mopane. Tinaima kuseri kwa chitsamba. Panalibe chitseko, panalibe galasi. Ndinkamva nthambi zikuthyoka ndi kugunda kwa m'mimba mwawo, ndinkamvanso mtima wanga. Yaikulu inakweza chitamba kununkhiza mphepo. Gaidi anagwedeza kathumba kake, anayang'ana phulusa, n'kutikodola kuti tibwerere njira imene tinadzera. Njovu yomweyo tinaionanso madzulo tili m'galimoto, pafupi kwambiri kuposa m'mawa, koma sizinafanane.

Wapansi simuona nyama zambiri ngati m'galimoto, ndipo zimene muona mumaziona patali. Amene akufuna zithunzi za mkango wodzaza foni akwere galimoto. Ine ndimalangiza kuti m'mawa muyende wapansi, madzulo mukwere.

Ndine wamkulu, ndipo miyendo si yolimba kwenikweni. Ndingathe?

Ngati mumatha kuzungulira Soweto Market kugula za mwezi, mungathe. Chigwacho ndi chathyathyathya, palibe phiri lokwera. Mapiri a Muchinga mumangowaona patali kumadzulo. Ulendo umatenga maola atatu kapena anayi, koma ndi woimaima, ndipo pakati mumakhala pansi kumwa tiyi. Chovuta ndi nthaka ya m'madambo imene njovu ndi mvuu zinaponda nthawi ya matope n'kuuma ili maenjemaenje. Pamenepo bondo ndi kakolo zimagwira ntchito. Odwala BP, shuga kapena mtima auze gaidi musanayambe, ndipo mankhwala akhale m'thumba, osati m'chipinda.

Ana tingapite nawo?

Ku paki inde, ndipo apite. Koma pa ulendo wapansi ana osakwana zaka 12 saloledwa, ndipo makampu ena amakweza zakazo. Iwo akwere galimoto.

Mwezi wabwino ndi uti?

Maulendo apansi amachitika m'chilimwe, makamaka kuyambira Juni mpaka Okutobala, udzu utauma ndi kugwa kotero kuti sikauti akuona patali. Juni ndi Julayi m'mawa kumazizira, makamaka pa galimoto yopanda denga, koma masana kumakhala bwino poyenda. Ogasiti ndi Seputembala madambo amaphwa ndipo nyama zimasonkhana kumtsinje. Cha mu Seputembala momwemo mbalame zofiira zodya njuchi zimabwera zambirimbiri kudzakumba zisa m'magombe a Luangwa, gombe lonse kuoneka ngati lapakidwa utoto.

Okutobala ndiye mwezi wa nyama zambiri, komanso wa moto. Chigwacho n'chotsika kwambiri kuposa Lusaka, ndipo kutentha kumapitirira madigiri 40. Amene akuganiza zopita pa tchuthi cha Independence adziwe kuti kutentha kwa ku Lusaka kwa mwezi umenewo ndi mthunzi chabe. Dzinja likafika, kuyambira Disembala mpaka Malichi, tchire limabiriwira, mitengo ya malo ogona imatsika, koma misewu yambiri ya m'paki imatsekeka ndi matope ndipo makampu a m'katikati amatseka.

Tikaona nyama zonse zikuluzikulu?

Njovu, njati, mvuu, ng'ona, mbidzi, nswala ndi anyani muziona ndithu. Mvuu za mu Luangwa ndi zochuluka moti m'chilimwe zimapanikizana pa dziwe limodzi ngati miyala. Mikango ilipo yambiri, ndipo pakiyi imatchuka ndi anyalugwe, koma ziwirizi palibe angakulonjezeni. Gaidi wolonjeza mkango musamukhulupirire. Mimbulu, agalu a m'tchire aja, iliponso kwa amene ali ndi mwayi.

Chipembere simuchiona. Opha nyama mozemba anazimaliza m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 chifukwa cha nyanga zake, ndipo zimene zilipo lero m'chigwachi zili ku North Luangwa, kumene anayamba kuzibwezeretsa mu 2003. Gaidi wathu wachikulire anati ali mnyamata anazionako, ndipo atanena zimenezo anakhala chete kanthawi.

Yang'anitsitsani nyamalikiti. Wa kuno, wotchedwa Thornicroft, sapezeka kwina kulikonse padziko koma m'chigwa cha Luangwa. Nyumbu ya Cookson nayonso ndi ya chigwa chino, ngakhale imaoneka kwambiri cha kumpoto. Mitundu ya mbalame imapitirira 400.

Akuti kuli kuyenda usiku. N'zoona?

N'zoona, koma pa galimoto ya kampu yokhala ndi chilolezo, osati yanu. Oyendetsa okha ayenera kutuluka pa geti pofika 6 koloko madzulo. Magalimoto a makampu amatsala mpaka cha m'ma 8 koloko, wothandiza gaidi akuunika ndi nyale yamphamvu kufunafuna maso owala. Nyalugwe wathu tinamuona nthawi imeneyo, akutsika mumtengo wa mchenja mosapupuluma. Tinaonanso nungu ndi afisi awiri. Tengani juzi.

Tivale chiyani, tinyamule chiyani?

Musagule zovala zodula za m'masitolo a ku Manda Hill. Pa salaula mupeza zonse: malaya a manja aatali ndi buluku za mtundu wa dothi, khaki kapena wobiriwira mofifira. Zoyera ndi zowala zimaonekera patali. Zakuda ndi zabuluu zimakoka akashembe, ntchentche zoluma zija, ndipo zimaluma ngakhale pa nsalu. Zovala za mawangamawanga ngati za asilikali zisiyeni kunyumba. Nsapato zikhale zotseka, zimene munaziyendera kale. Yatsopano idzakutulutsani matuza. Chipewa, botolo la madzi, tochi, ndi mafuta othamangitsa udzudzu. Perefyumu ayi. Amayi, chitenje chimathandiza pa fumbi ndi pa mphepo ya m'mawa, koma poyenda valani buluku chifukwa cha minga. Ngati wina m'banja ali ndi mabainokyula, bwerekani.

Ndalama tengani zina m'manja kuchokera ku Chipata. Netiweki ku Mfuwe ilipo, koma m'kati mwa paki imabwera ndi kupita.

Za malungo bwanji?

Musazitenge mopepuka chifukwa choti ndinu a m'dziko momwemo. Ife okhala mu Lusaka nthawi yaitali thupi silinazolowere malungo ngati abale athu a m'chigwa. Pitani ku kiliniki musananyamuke mukafunse za mankhwala oteteza, gonani m'neti, ndipo madzulo valani zofika m'mikono ndi m'miyendo. Mukabwerera, mutu kapena kutentha thupi kukayamba ngakhale patapita milungu iwiri, kayezetseni tsiku lomwelo ndipo muwauze adokotala kumene munali. Muwauzenso ngati kashembe anakulumani, chifukwa matenda a kaodzera, ngakhale sachitika kawirikawiri, m'chigwachi alipo.

Pa kampu pomwe tikugona pali chitetezo?

Makampu ambiri alibe mpanda, ndipo mtsinje si malire kwa nyama. Mvuu zimatuluka usiku kudzadya udzu pakati pa matenti. Njovu zimadutsa nthawi iliyonse. Ku Mfuwe Lodge zimadziwika ndi kulowa pa malo olandirira alendo cha mu Novembala popita ku mtengo wa zipatso umene uli kuseri kwake. Usiku musayende nokha, ngakhale popita kuchimbudzi. Itanani mlonda akuperekezeni ndi tochi. Musaime pakati pa mvuu ndi madzi. M'mtsinje musasambe, musachape, musatunge, chifukwa cha ng'ona.

Chakudya chonse, makamaka zipatso, chikhale m'khitchini yotseka ya kampu. M'tenti ayi, ndipo m'galimoto ayinso, chifukwa njovu imamva fungo la malalanje ndipo galasi silingailetse. Anyani ndi apusi musawapatse kanthu. Nyani wozolowera kulandira kwa anthu amayamba kulanda, ndipo mapeto ake amaphedwa.

Anthu a ku Mfuwe amapindula nazo, kapena ndi ife alendo tokha osangalala?

Ndinafunsa funso limeneli kwa mayi wina amene tinagula kwa iye tomato ndi repu pamsika wa ku Mfuwe. Anandiuza kuti mwana wake amagwira ntchito pa loji ndipo ndiye amalipirira azing'ono ake sukulu. Anandiuzanso kuti chaka chimenecho njovu zinamudyera chimanga usiku umodzi, ndi kuti nyengo ya mango sagona tulo. Zonse ziwiri ndi zoona. Njovu imene ife timaijambula m'mawa ndi yomweyo imene usiku imathyola nkhokwe ya munthu, ndipo nthawi zina imapha. Midzi imeneyi ili mu Lupande Game Management Area, kumene anthu ndi nyama amakhalira limodzi popanda waya pakati. Bungwe la Conservation South Luangwa limathandiza alimi kuthamangitsa njovu ndi tsabola, komanso kuchotsa misampha ya waya imene imapundula mikango, mimbulu ndi anyamalikiti.

Ife tingachite zochepa koma zenizeni. Ndiwo, makala ophikira ndi buledi gulani ku Mfuwe m'malo monyamula zonse ku Lusaka. Gaidi, sikauti ndi mlonda apatseni kangachepe pochoka. Pitani ku Tribal Textiles mukaone nsalu zojambulidwa pamanja, ndi ku Mulberry Mongoose kumene amayi amapanga mikanda ndi zibangili kuchokera ku waya wa misampha yochotsedwa m'tchire. Ndipo wina akakunong'onezani za nyama ya m'tchire yotchipa, kanani. Kupezeka nayo pa rodibuloko ndi mlandu, ndipo msampha umene unagwira nswalayo susankha.

Mukalowa m'mudzi, lonjerani monga mwa mwambo, ndipo musajambule munthu musanapemphe. Akunda ndi abale athu, chinenero chimamveka.

Ndikufuna kuyesa kaye pafupi ndisanawononge ndalama. Ndipite kuti?

Lusaka National Park, cha ku Leopards Hill Road, inatsegulidwa mu 2015 ndipo ndi ya ulendo wa tsiku limodzi. Kulibe mikango, koma muona mbidzi, anyamalikiti ndi nswala, ndipo mudziwa ngati ana anu amatha kukhala chete nyama ili pafupi. Pitani Loweruka m'mawa geti likangotsegulidwa, mutavala nsapato zomwe mukufuna kukayendera ku Luangwa, kuti ngati zikuluma muzidziwe muli pafupi ndi kwanu.